Zikomo kwa inu amene munasunga magazini a a Jim Butterfield

Ndati ndithokoze pagulu anthu amene sindikuwadziwa ngakhale nkhope, aja anakhala pansi nkumapanga sikani magazini akale a za makompyuta a COMPUTE! ndi The Transactor tsamba ndi tsamba mpaka kuwaika pa webusaiti ya Internet Archive kuti aliyense awerenge ulere. Inu anthu Mulungu akudalitseni, ntchito imeneyo ndiyotopetsa ndipo palibe anakulipirani.

Mmenemo ndi mmene ndinakumana ndi a Jim Butterfield a ku Toronto, Canada, amene anatisiya mu 2007. Bambo amenewa ankalemba za makompyuta a Commodore, kuyambira PET mpaka Commodore 64 ija inatuluka mu 1982 ili ndi memory ya 64 KB basi, ndipo ankafotokoza machine language (chilankhulo cha manambala chimene kompyuta imamva mwachindunji) ya purosesa ya 6502 mofatsa ngati akucheza nawe pakhonde, osakuchititsa manyazi kuti sudziwa. Analembanso pulogalamu ya Supermon yothandiza kuona ndi kulemba machine language, komanso ankasindikiza mapu a memory osonyeza kuti adiresi iyi imagwira ntchito yanji. Nthawi imeneyo pulogalamu imabwera yosindikizidwa mmagazini, iwe nkumataipa wekha mzere ndi mzere, ukaphonya nambala imodzi mu mizere ya manambala yotchedwa DATA zonse zaima.

Ineyo ndayesa zimenezi pa laputopu yanga kudzera mu VICE, pulogalamu yochititsa kompyuta ya lero kugwira ntchito ngati Commodore, ndiye nawonso opanga VICE zikomo kwambiri. Usiku wina nditasintha mtundu wa mmphepete mwa sikirini ndi lamulo la POKE 53280 ndinakuwa ndi chimwemwe mpaka ana kudzuka.

A Butterfield, usani mumtendere, ife tikuphunzirabe kwa inu.