Lachitatu: tindodo ta silica pansi pa maikulosikopu

Ntchito ya lero inali kuyeza changu chimene tindodo ta silica (chinthu chimene chimapezeka mu mchenga ndi m'galasi) timatembenukira tokha m'madzi odekha. Mamolekyu a madzi amamenya kandodo mbali zonse mosasankha, kamagwedera uku ndi uku, ndipo pakapita kanthawi kamakhala kataloza kwina.

M'mawa tinayamba ndi masamu, kamera isanayatsidwe. Tinatenga fomula ya Tirado ndi García de la Torre: D = 3kT(ln(L/d) + c)/(πηL³). Apa D ndi muyezo wa changu cha kutembenukako, L ndi utali wa kandodo, d ndi m'mimba mwake, kT ndi mphamvu yochokera ku kutentha, η ndi viscosity (kulimba kwa madzi kowaletsa kuyenda msanga), ndipo c ndi nambala yokonzera zochitika ku nsonga za kandodo. Tindodo tathu n'ta mamaikulomita 3 m'litali ndi 0.5 m'mimba mwake, choncho L/d ndi 6 ndipo c ndi pafupifupi −0.51. Pa 20 °C viscosity ya madzi ndi 1.0 mPa·s. D imatuluka 0.18 pa sekondi, kutanthauza kuti masekondi atatu asanakwane kandodo kamakhala kataiwala kumene kanaloza poyamba.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi L³ ili pansiyo. Mukaphonya utali ndi 10 peresenti, D imaphonyeka ndi pafupifupi 30 peresenti. Kachilombo ka tobacco mosaic, kogwira fodya ndiponso kooneka ngati kandodo, kotalika mananomita 300 okha, D yake ili cha pa 300 pa sekondi. Onani kusiyana kwake. N'chifukwa chake sitivomereza kungotenga utali wolembedwa pa botolo n'kuupatsa tindodo tonse. Kandodo kalikonse kayezedwe pakokha, ndipo D yake iwerengedwe payokha. Mukasakaniza tatifupi ndi tatitali, tatifupi timakoka zotsatira zonse.

Pokonza silaidi tinagwiritsa ntchito madzi opanda mchere. Silica ndi galasi zonse zimakhala ndi chaji ya negetivu m'madzi, zimakankhana. Mchere ukalowa, kukankhanako kumafooka ndipo tindodo timamatira pagalasi. Kandodo komatira nsonga imodzi n'konyenga kwambiri, chifukwa kamaoneka ngati kakuzungulira bwinobwino. Tinasungunulanso kwambiri ndi madzi kuti tindodo titalikirane. Doi ndi Edwards anafotokoza mu 1978 kuti tindodo tikathithikana timatsekerezana, D n'kugwa msanga. M'mphepete mwa kagalasi kapamwamba tinamata ndi guluu wa epoxy, kuti madzi asamaphwe mbali imodzi n'kuyambitsa kamtsinje kokokera tindodo kumodzi.

Masana tinajambula zithunzi 20 pa sekondi. Apa pali msampha. Mutu ndi mchira wa kandodo n'zofanana, motero kompyuta siisiyanitsa madigiri 0 ndi 180. Kandodo kakatembenuka kufika pafupi ndi madigiri 90 pakati pa zithunzi ziwiri, pulogalamu imangolota mbali imene kadzera. Pa liwiro lathuli kamasuntha madigiri ngati 8 okha, ndiye palibe vuto. Zithunzi zimene kandodo kadzutsa nsonga n'kuoneka kakafupi tinazichotsa, poti ngodya yake pamenepo siyodalirika.

Madzulo tinawerengera. Mumatenga kusintha kwa ngodya, kuchulukitsa ndi iko komwe, kupeza avereji, n'kujambula molingana ndi nthawi. Payenera kutuluka mzere wowongoka wokwera ndi 2D, kutanthauza D kuchulukitsa kawiri. Wathu unawongoka, koma D inatsikirapo poyerekeza ndi ya m'mawa, ndipo n'zoyembekezereka: silica imalemera pafupifupi kawiri kuposa madzi, tindodo timamira n'kumayandama pafupi ndi galasi, pamene madzi opanikizika pakati pa tindodo ndi galasi amatiletsa kutembenuka momasuka. Fomula ija ndi ya kandodo kotalikirana ndi khoma. Mzerewo ukanapindikira m'mwamba, tikanakayikira kuti madzi akuyenda mkati mwa silaidi.

Thermometer ikhale pafupi ndi silaidi, osati pakhoma la chipinda. Nyale ya maikulosikopu imatenthetsa, ndipo viscosity ya madzi imatsika ndi kupitirira pang'ono 2 peresenti pa digiri iliyonse. Pa 25 °C ili kale 0.89 mPa·s.

Mawa tibwereza zonsezi m'madzi osakaniza ndi glycerol (mankhwala amadzimadzi olimba ngati uchi) theka ndi theka potengera kulemera. Viscosity yake pa 20 °C ndi pafupifupi 6 mPa·s, choncho D iyenera kutsika kasanu ndi kamodzi, ndipo vidiyo iliyonse italikenso chimodzimodzi.