Sitolo ya Agogo Anga pa Mponela

Agogo anga aamuna, bambo wa mayi anga, anamwalira atapitirira zaka 90, ndipo pafupifupi theka la zaka zimenezo analithera kuseri kwa kauntala m'sitolo yawo pa Mponela, m'boma la Dowa, m'mbali mwa msewu wa M1 wochokera ku Lilongwe kupita ku Kasungu. Alipo anthu, ngakhale ena a pachibale, amene amati munthu woyamba malonda kale chotere anayenera kusiya malole ndi nyumba za lendi mumzinda. Ine ndimaona kuti sitoloyo inakhala yaing'ono chifukwa panali mitundu ina ya phindu imene agogo ankaikana dala, ndipo ankadziwa bwino lomwe zimene akutaya poikana.

Anabadwira ku Dowa komweko, dera limene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa anayambirako ntchito yawo pamene anakhazikika ku Mvera mu 1889. Pasukulu ya mishoni anaphunzira kuwerenga Buku Lopatulika ndi kuwonkhetsa, ndipo maphunziro awo sanapitirire pamenepo. Monga anyamata ambiri a nthawi imeneyo, analembedwa ndi Wenela nakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Anabwerako ndi njinga ndi makina osokera a Singer, ndipo kwa zaka zambiri anali telala pakhonde la sitolo ya mmwenye wina. Ndi pakhonde limenelo pamene anaonera mmene katundu amawerengedwera, mmene nsalu imayezedwera, ndi chifukwa chimene wamalonda salolera kusakaniza ndalama za sitolo ndi za m'thumba mwake. Mpaka ukalamba wawo sanamunenepo zoipa mwini sitoloyo.

Zaka za m'ma 1970 zinasintha malonda a m'madera a kumidzi. Mu 1971 kwacha inalowa m'malo mwa paundi, makwacha awiri pa paundi imodzi, ndipo agogo ankakumbukira kuti anthu achikulire anapitiriza kutchula mitengo m'mashereni kwa nthawi yaitali. M'zaka zomwezo boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula kuti amalonda achimwenye achoke m'madera a kumidzi ndi kukachita malonda awo m'mizinda ikuluikulu, ndipo pofika 1978 masitolo ambiri anali m'manja mwa Amalawi. Ochuluka a iwo sanakhalitse, poti mpamba unali wochepa, ndipo abale ankangotenga shuga ndi sopo ngati akutenga m'nkhokwe ya mbumba. Agogo anayamba sitolo yawo ndi mchere, machesi, palafini, makasu, singano ndi nsalu zochepa, katundu wambiri akumupikula ku Chipiku. Chimene chinawapulumutsa ndi buku lolembamo za malonda. Ngakhale agogo aakazi akatenga botolo la mafuta ophikira, linkalembedwa, ndipo mwezi ukamatha agogo ankabweza ndalama yake kuchokera m'thumba mwawo.

Dowa ndi dera la fodya, choncho malonda onse a pa Mponela amayenda ndi nyengo ya mlimi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi anthu amakhala opanda kanthu m'manja, ndipo ndalama imaoneka mabelo akagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo. Agogo ankakongoza m'miyezi yovutayo ndi kudikira, ndipo munthu ankabweza mtengo womwe unalembedwa tsiku lotenga katunduyo, ngakhale kwacha itagwa pakatipo, monga inagwera kwambiri mu 1994. Katapila ankadana naye kotheratu. Ankagulanso mtedza ndi nyemba nthawi yokolola, ndipo sikelo yawo inkapachikidwa panja, poti wogulitsa aziona yekha pamene muvi waima. Kawirikawiri ankakumbutsa anyamata awo a ntchito za Miyambo 11:1, vesi lonena kuti Mulungu amanyansidwa ndi muyeso wonyenga. Alimi ena ankadutsa masikelo a mavenda olonjeza mtengo wokwererapo kuti afike kwa agogo, chifukwa ankadziwa kuti kumeneko thumba lawo silipepuka.

Chaka chimene anthu a m'derali amawakumbukira nacho kwambiri ndi 2002. Njala ya chaka chimenecho inagunda kwambiri chigawo chapakati, mtengo wa chimanga unakwera kangapo m'miyezi yochepa, ndipo mabanja anagulitsa mbuzi, ziwiya ndi malata a padenga pamtengo wozizira. Panthawiyo agogo anali ndi chigayo komanso matumba a chimanga amene anagula nthawi yokolola. Amalume anga ena anawapempha kuti asunge chimangacho mpaka mtengo ufike pachimake. Iwo anachigulitsa m'timbale pamtengo woyandikana ndi umene anagulira, akumaletsa munthu mmodzi kugula chambiri, ndipo gaga wa pachigayo ankaperekedwa ulere kwa amayi amene ankafola m'mamawa. Chimangacho sichinakhalitse ndipo sichinapulumutse Mponela yense. Komabe ndalama imene ikanagula lole inathera pamenepo, ndipo agogo sanadandaulepo nazo.

Anali mkulu wa mpingo mu CCAP, Sinodi ya Nkhoma, kwa zaka zambiri. Tsiku la Sabata sitolo ndi chigayo sizinkatsekulidwa, kupatula ngati wina akufuna nsalu ya maliro, ndipo pamenepo ndalama sinkalandiridwa mpaka Lolemba. Mowa sunalowepo m'sitolo yawo, ngakhale kuti nthawi ya fodya mowa ndiwo umalemeretsa amalonda ambiri. Kukhwima kumeneku kunali ndi mbali yake yowawa. Mwana wawo wachisamba atayamba kumwa, agogo anamulanda makiyi a sitolo ndipo kwa zaka zingapo ankangolankhulana naye kudzera mwa agogo aakazi. Ndimakhulupirira kuti pamenepa anaumitsa mtima kuposa mmene kunafunikira. Amene anawagwirizanitsa ndi agogo aakazi, mayi wa Chigwirizano wofatsa koma wosagonja msanga, amene sanaleke kuikumbutsa nkhaniyo pa mapemphero a madzulo mpaka agogo anakwera njinga kupita okha kunyumba kwa mwana wawo.

Pachichewa mwamuna amasenza mitolo iwiri, wa ana ake ndi wa mbumba yake, ndipo agogo anaisenza yonse. Maphunziro a pulayimale asanakhale aulere mu 1994, fizi ya ana a alongo awo inkachokera m'sitolo yomweyo, ndipo inkalembedwa m'buku pa tsamba lakelake. Poti anaona amasiye ambiri akulandidwa katundu maliro asanathe nkomwe, analemba wilo adakali ndi mphamvu, lamulo la 2011 loteteza chuma cha masiye lisanabwere. Anaitana ana, adzukulu a mbumba ndi akulu a mpingo awiri, nawerenga zonse pamaso pawo: nyumba ndi ya agogo aakazi moyo wawo wonse, chigayo chithandize mbumba, sitolo ikhale ya mwana wawo wamkazi womaliza, amene anaigwira nawo zaka zambiri. Ngongole za anthu amene anamwalira asanabweze anazifufuta ndi cholembera tsiku lomwelo, ndipo analamula kuti ana a anthu amenewo asadzafunsidwe kanthu.