Ulendo wathu wa ku Makhanga: mbuzi ya Mayi Tcheya ndi mlandu wa Marita

Amayi a Mvano amene munatsalira kuno ku Nchalo, mwakhala mukundifunsa kumjigo, kumsika ngakhale pakhomo la tchalitchi kuti ulendo wa ku Makhanga unayenda bwanji. Vuto ndi lakuti aliyense amene anapita akukuuzani zake. Wina akuti tinatsala pang'ono kumira, wina akuti Mayi Msungichuma analira. Ndiye ndati ndilembe kuti nkhani ikhale imodzi. Kumira sitinamire ayi. Zolirazo ndifika pomwepo.

Monga mukudziwa, anzathu a kutsidya la Shire anatiitana kuti tikaphunzire limodzi za kutumikira Ambuye pa ntchito zathu za tsiku ndi tsiku, zapakhomo ndi zakumunda. Tinasonkha ufa, sopo, mchere, zitenje ndi shuga. Pa shuga paja ndiseke pang'ono: anthu akamva kuti ndiwe wa ku Nchalo amaganiza kuti shuga timangotapa m'thumba poti fakitale ya Illovo ili pakhomo. Sadziwa kuti nafenso timagula kugolosale, mtengo womwewo. Pamwamba pa zonsezi Mayi Tcheya anapereka mbuzi, yaimuna, yakuda, yochenjera kuposa ena a ife.

Tinanyamuka kukuyera, utsi wa minda ya nzimbe imene anaotcha usiku ukadali m'mwamba. Amene anachedwa akudzidziwa, sinditchula, koma ndi amene amatsogolera nyimbo ndipo anabwera atanyamula bulauzi yake m'manja kuopa kuti ingakwinyike. Mbuzi anaimanga kumbuyo kwa minibasi pamodzi ndi matumba, ndipo tinkayimba mpaka anthu a m'mbali mwa msewu wa M1 akutiyang'ana.

Titangodutsa Miseu Folo, tayala la kumbuyo linaphulika. A dalaivala anaimika bwinobwino, Mulungu awadalitse, koma potsitsa sipeya anapeza kuti nayo ilibe mpweya. Kuti afike pa sipeyayo anayenera kutsitsa katundu yense, ndipo kondakitala pomasula chingwe anamasulanso cha mbuzi. Mbuzi ija sinafunse njira. Inangodumpha ngalande n'kulowa m'munda wa thonje umene anali atakolola kale. Ndiye taganizirani, amayi a mabulauzi oyera, maduku oyera, masiketi akuda, akuthamanga m'ziputu za thonje dzuwa la mwezi wa Seputembala likuswa mtengo. Mayi Tcheya ali patsogolo kukuwa kuti "Tsekani uko! Tsekani uko!" koma otseka kunalibe, onse anali kumbuyo kwawo. Ana ogulitsa masawu anasiya mabeseni awo n'kumaseka mpaka kugubuduka. Pomaliza ndi anawo amene anaigwira, ndipo tinawalipira pogula masawu onse. Agogo ena amene tinali nawo sanatsike n'komwe m'galimoto. Titabwerako tili wefuwefu, minga ili m'masiketi, anangoti, "Mwaphunzira kale za nkhosa yotayika, tiyeni tibwerere kwathu."

A dalaivala anakwera kabaza kupita ndi tayala ku Ngabu, ife tinakhala pansi pa mlambe kudya masawu mpaka mano kuyayamira. Nthawi ya pulogalamu inayamba kutha tili pomwepo.

Pa Bangula tinasiya minibasi n'kupita pa Mtayamoyo. Achinyamata amene simunaone, kale anthu ankapita ku Chiromo ndi Makhanga pa msewu ndi pa njanji, koma madzi osefukira a mu 1997 anadula pamenepa, ndiye kuwoloka kwake ndi kwa maboti ndi mabwato. Dzina lokhalo linawafooketsa ena. Tinayamba takangana ndi eni boti pa mtengo wa mbuzi, iwo akuti ilipire ngati munthu, Mayi Msungichuma akuti mbuzi ilibe mpando. Anagwirizana theka. Tili pakati pa madzi wina analoza patali kuti uko kuli mvuu, boti linapendekeka chifukwa aliyense anafuna kuona mbali imodzi, ndipo mpamene Mayi Msungichuma anakumbatira chikwama cha ndalama za gulu n'kuyamba kugwetsa misozi. Iwo akuti ankalirira ndalama zathu osati moyo wawo. Tiwakhulupirire.

Mnyamata woyendetsa botilo anatikhazika mtima pansi m'Chisena chake, "Mama, khalani pansi, tafika kale." Mayi Busa anamufunsa ngati amapemphera. Anati inde, koma Lamulungu amafika kutchalitchi ulaliki utatha, chifukwa akachoka m'mawa padoko, opita kutchalitchi ndi odwala opita kuchipatala awoloka ndi ndani? Mayi Busa sanamudzudzule. Anangomuuza kuti apitirize kuwolotsa anthu mokhulupirika, osadzaza boti mopitirira chifukwa cha ndalama, ndipo asaleke kupita ngakhale mochedwa. Ine ndinaona kuti phunziro lathu linayambira m'botimo.

Anzathu anatichingamira ndi nyimbo ndi nthungululu ngakhale tinawadikiritsa mpaka dzuwa kupendeka. Tikulowa m'tchalitchi, mayi wina anandigwira dzanja n'kundionetsa khoma. Pali mzere wa matope, wofiirira, pamwamba pa mawindo, pamene madzi a namondwe wa Freddy anafika mu Malichi 2023. Anapaka laimu koma mzerewo ukuonekabe. Anthu amenewa ali pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo madzi anawapeza mu 2015, anawapezanso ndi namondwe wa Ana mu 2022, kenako Freddy. Koma madimba awo ali obiriwira, mbatata ndi chimanga cha m'dambo, chifukwa madzi akaphwa amasiya nthaka yachonde.

Phunziro linatsogoleredwa ndi Mayi Busa. Anawerenga Akolose 3:23, pamene Paulo akuuza akhristu kuti ntchito iliyonse aigwire ndi mtima wonse ngati akugwirira Ambuye. Anakambanso za Dorika wa ku Yopa pa Machitidwe 9, amene atamwalira amasiye anaonetsa Petro malaya amene ankawasokera. Tinagawana m'magulu, gulu lililonse n'kutchula ntchito zimene timazipeputsa: kutunga madzi, kuchapira odwala, kulera adzukulu amasiye, kuyeza bwino pogulitsa kumsika, kubweza ngongole ya ku banki m'khonde pa nthawi yake. Mfundo zonse zili m'kope la Mayi Mlembi, ofuna akabwereke.

Tsopano mlandu uja. Poti tinafika mochedwa, anzathu anapempha amayi ena a kwathu kuti akathandize kukhitchini, ndipo anapita a kwaya aja pamodzi ndi mayi athu a mandasi. Phunziro lonse linawadutsa ali pa moto. Ndipo kuphika kwake sikunali kwamasewera. Nsima ya mapira, yofiirira, yolimba, imene ena a inu mumaikana kwanu koma kumeneko munapempha mtanda wachiwiri. Mlamba wowamba wothira tomato, nkhwani zotendera, ndi mbuzi ija imene inatithamangitsa, itakazingidwa bwino mpaka fungo kufika kumsewu. Mayi Msungichuma anapempha mwendo, akuti ndi umene unadumpha ngalande.

Tili mkati mwa kudya, Mayi Tcheya mwanthabwala anaitana kuti, "A Marita athu, bwerani kuno a Mariya akuuzeni zimene aphunzira." Anthu anaseka, koma mayi athu a mandasi sanaseke. Anaika chipande pansi, napukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, maso ali psuu ndi utsi, nati, "Mayi Tcheya, nyama mukudyayo waphika ndi Mariya?" Kunangoti zii. Kenako aliyense anayamba kuyankhula. Ena akuti Yesu mwini anati Mariya anasankha dera lokoma, ndiye palibe cholakwika. Ena akuti ulendo uliwonse ophika ndi omwewo, ku maliro omwewo, pa Paskha omwewo, ndipo potchula othokozedwa amayamba ndi olankhula kutsogolo. Wina anakumbutsa za msonkhano wa chaka chatha, nkhani imene tinagwirizana kuti tinaikwirira. Mayi Busa anayesa kuyambitsa nyimbo, koma palibe anawalandira.

Anatiweruza ndi agogo ena a kumeneko, aafupi, opanda mano akutsogolo, amene anakhala chete tsiku lonse pamphasa. Anati, "Ana anga, ndiyankhuleko." Anafotokoza kuti nthawi ya Freddy, ali pamsasa wa anthu othawa madzi, Baibulo lawo linapita ndi madzi ndipo panadutsa masiku popanda wolalikira. Koma panali mayi wina amene m'mawa uliwonse ankadzuka kuphika phala mu mgolo, n'kuyamba kugawira ana ndi okalamba, iye n'kumadya zotsalira m'mphepete. "Ine Mulungu ndinamuona pa chipande cha mayi ameneyo." Kenako anatembenukira kwa Mayi Tcheya nati pa Luka 10 Yesu sanamuuze Marita kuti azimitse moto, anamudzudzula chifukwa cha nkhawa ndi kudandaula. Ndipo Lazaro atamwalira, pa Yohane 11, ndi Marita yemweyo amene anathamangira Yesu kunjira n'kuvomereza kuti Iye ndi Khristu, Mwana wa Mulungu. Pa Yohane 12 akupezekanso akutumikira pa chakudya ku Betaniya, ndipo palibe akumuletsa. Atatero anatembenukiranso kwa mayi a mandasi, "Koma nawenso mwanawe, ukaphika usamawerenge amene sakuphika. Pamenepo mpamene Marita anapunthwa."

Agogo amenewa sanapite patali ndi sukulu, mavesiwa ali nawo pamtima. Ine maganizo anga, ndipo ndinanena pomwepo, ophika anali ndi mfundo. Sizoona kuti tizikaphunzira za kulemekeza ntchito wamba kwinaku tikuseka amene akuigwira. Mayi Tcheya anadzuka, anakagwada pafupi ndi mafuwa n'kupepesa, ndipo mbale zonse anatsuka okha ndi a komiti. Amene muli ndi chithunzi chake pa foni musafufute.

Tinagona m'tchalitchi momwemo. Za udzudzu wa ku Makhanga sindinena zambiri, nkhope zathu munaziona. Za mkonono nazonso ndisiye, koma a alto mukudziwa kuti usiku umenewo munayimba besi. M'mawa tisananyamuke tinagawana makomo a okalamba ndi odwala. Gulu lathu linapita kwa mayi wina wamasiye wosaona, tinamutungira madzi, kumuzirira nyumba ndi kumuchapira zofunda. Ankangoti "Takhuta, takhuta," akugwira manja a aliyense kuti adziwe kuti tabwera angati.

Pobwerera madzi anali bata ndipo Mayi Msungichuma anakhala pakati penipeni atatsinzina mpaka kutsidya.

Tikuthokoza amayi a ku Makhanga chifukwa cha mbatata zimene anatisenzetsa, zoti minibasi inachita kulira pokwera mlatho uliwonse. Tikuthokoza Abusa ndi akulu a mpingo potilola ndi kutipempherera, azibambo athu amene anatsala ndi ana (ena akuti anadya mbatata yootcha mpaka tinabwera), a dalaivala ndi kondakitala wawo amene tamukhululukira, ana a masawu a pa Miseu Folo, ndi mnyamata wa boti. Mayi Tcheya, zikomo chifukwa cha mbuzi, koma ulendo wina mudzapereke nkhuku.

Komiti yagwirizana kuti kuyambira tsopano ophika azisinthana, mayina azilembedwa ulendo usanachitike, ndipo a komiti nawonso ali pamndandanda. Anzathu adzabwera kuno mvula isanayambe, madzi asanakwere pa Mtayamoyo, ndiye tiyambe kusonkha. Amene simunamalize ndalama ya galimoto kaonaneni ndi Mayi Msungichuma sabata ino. Ndipo amene anatenga beseni lobiriwira la mayi athu a mandasi, lolembedwa ndi penti kunsi, alibweze asanayambenso kuyankhula.