Loweruka: tagumula pulasitala ya kachipinda kakumbuyo

Kachipinda kakumbuyo kwa nyumba yathu kuno ku Chilenje mu Lusaka, kaja tinkangoponyamo matumba a makala ndi ndowa zobooka, n'kamamita 3 m'litali ndi 2.5 m'lifupi. Tikukakonza Loweruka lililonse kuti kakhale kosokeramo zovala.

Lachinayi tinamata pepala la pulasitiki pakhoma lomwe penti yake ikusendeka, n'kutseka m'mbali monse ndi tepi. Lero m'mawa tamatula ndipo tapeza madontho kunsi kwake, mbali yokhudza khoma. Ndiye kuti chinyontho chikutuluka m'khomamo. Mu Okutobala, kotentha chonchi, mvula isanagwe n'komwe, khoma silinganyowe lokha.

Gwero lake alipeza ndi mayi akunyumba. "Bambo, tabwerani mudzaone kuno." Mpopi wapanja ukudontha patsinde pa khoma, ndipo dothi la maluwa linakwera mpaka kukwirira pulasitiki yakuda ija amaika pakati pa maziko ndi mabuloko kuti itchinge chinyontho. Madzi amangoilambalala n'kukwera. Tasintha kalabala ka mumpopi, takumba dothi mpaka latsika masentimita 15 pansi pa pulasitikiyo, n'kulisalaza motsetsereka kuti madzi azithawa nyumba.

M'kati tagogoda khoma ndi chigwiriro cha hamala. Paliponse polira ngati ng'oma tagumula, n'kupitiriranso masentimita 30 pamwamba pa pomwe chinyontho chathera. Pamabuloko pali ufa woyera ngati mchere. Uwu musatsuke ndi madzi, chifukwa umasungunuka, kubwerera m'khoma, n'kudzatulukanso penti itapakidwa kale. Taupala wouma ndi bulashi yawaya, nsalu yonyowa kumphuno.

Simenti tagula, koma sitinatsegule thumba. Ndikudziwa mmene zimapwetekera kusiya khoma lili mbee zipangizo zilipo, komabe mabuloko ayenera kuuma kaye, masabata awiri kapena kuposa. Kumata pulasitala pakhoma lonyowa n'kutaya ndalama.

Mchenga tauyesa m'botolo: theka mchenga, madzi pamwamba, kukhutchumula, kusiya. Ukadikha, matope amakhala pamwamba. Akachuluka, pulasitala imang'aluka pouma. Wathu wachita bwino, wangofunika kusefa.

Tsiku lomata tidzasakaniza thumba limodzi la makilogalamu 50 ndi mawilibala awiri a mchenga osasefukira. Zimenezi zimakwana pafupifupi masikweya mita 8 pulasitala ikakhala yochindikala mamilimita 15, choncho ife theka la thumba likwanira. Kuchulukitsa simenti sikulimbitsa khoma, kumangobweretsa ming'alu. Mabuloko tidzawawaza madzi pang'ono kuti asamwe madzi a m'dakalo, kenako tikamata tidzathirira pulasitalayo m'mawa ndi madzulo masiku 7. Penti idzadikira masiku 28, ndipo choyamba ndi pulayimala, penti yapansi yothandiza kuti inayo igwire.

Zenera talisiya lotsegula, chitseko tachigwiriza ndi njerwa kuti mphepo izidutsa. Pafelemu ya chitsekocho taona tinjira ta chiswe chakumunsi, ndiye Loweruka likudzali tipita kumsika wa Buseko kukasankha matabwa ouma bwino.