Madenga afulati a ku Cape Town ndi nyumba yomwe achimwene akufuna kumanga ku Nkhotakota

Sabata yatha achimwene ananditumizira chithunzi pa WhatsApp cha nyumba yomwe akufuna amange ku Nkhotakota, ija yamakono yoti ukaima kunja malata sakuoneka, khoma lakwera mpaka kubisa denga lonse ngati bokosi. Akuti mng'ono wanga, iwe poti umagwira za madenga ku Joniko tandiuza ngati zili bwino. Ndinayamba kuwayankha pa voice note koma ndinaona kuti zikutalika, nde ndati bola ndilembe pano, mwina enanso amene akuganiza zomwezi apindulepo.

Ine ndili ku Cape Town kuno kuyambira 2016. Ndinayamba ndi maganyu a m'munda ngati anzanga ambiri, kenako m'bale wina wa kwathu ananditengera kwa bwana wake wa za waterproofing, yomwe ndi ntchito yomata madenga kuti asathonye, ntchito yanga inali yongonyamula ma rolo a chinsalu cha phula ndi masilinda a gasi kukweza pa makwerero. Pano ndine amene ndimagwira tochi ya moto wa gasi yowotchera phulalo. Ndakwera madenga ku Muizenberg, Fish Hoek, Hout Bay, Sea Point, Blouberg mpaka ku Strand uko, ndipo ambiri mwa madengawa ndi afulati, ena a konkire ena a matabwa okutidwa pamwamba.

Choyamba chomwe ndinaphunzira n'choti denga lafulati lisakhale fulati zenizeni. Limangooneka choncho ndi maso koma limayenera kupendekeka pang'ono kuloza komwe kuli payipi yotulutsira madzi, ife timatsata muyezo woti pa masentimita 80 alionse litsike ndi sentimita imodzi, osachepera apo. Pa konkire timathira screed, simenti ndi mchenga basi, kuti madzi apeze njira. Ukakwera denga patatha masiku awiri mvula itakata n'kupeza madzi adakali chikhalire ngati dziwe, ndere zamera m'mbali, dziwa kuti olo mwini nyumba sanayambe kudandaula, kuthonya kuli panjira. Ndipo nthawi zambiri madzi salowera pakati pa denga ayi. Amalowera m'makona momwe denga lakumana ndi khoma, pakamwa pa payipi, pamwamba pa kakhoma kozungulira kaja pomwe pulasitala wang'aluka, ndi paliponse pomwe munthu anaboola.

Za kuboolazi zimandiwawa kwambiri. Nthawi ija magetsi ankazimazima kwambiri mu 2022 ndi 2023 anthu anathamangira ma sola, nde oika ma panelo ena ankangofika ndi drilo n'kuboola denga lomwe ife tinavutikira, kupaka ka silikoni pamwamba pa bawuti basi, n'kumapita. Silikoniyo dzuwa la Januwale likamuwotcha amasiyana ndi phula, ikafika mvula ya Juni siling'i yayamba kuchita mawanga. Madishi a TV chimodzimodzi. Mwini nyumba amaimbira ife mokwiya kuti ntchito yanu yalephera, ukakwera upeza mabowo 8 atsopano omwe sunawasiye.

Nyengo ya kuno ndi yotembenuka poyerekeza ndi kwathu. Mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo imabwera ndi chimphepo chochokera kumpoto chakumadzulo moti siigwa molunjika pansi, imamenya khoma cham'mbali n'kumakankhidwira m'ming'alu yoti chala sichingalowe. Chilimwe kumakhala kouma, dzuwa lamphamvu, ndi mphepo ina ija ya kummwera chakummawa yomwe amaitcha Cape Doctor, ife a kunyanja ingotikumbutsa mwera koma iyi imatha masiku ikuwomba osapuma. Ku Muizenberg imanyamula mchenga wa kugombe n'kuuthira pamadenga, mchengawo umakaunjikana pakamwa pa payipi limodzi ndi masamba ndi nthenga za mbalame za kunyanja. Ndiye taganizani, miyezi yonse ya chilimwe denga likupsa ndi kufutukuka masana n'kubwerera usiku, payipi yatsekeka palibe akudziwa, kenako mvula yoyamba yamphamvu ya Meyi. Denga lozunguliridwa ndi khoma limasanduka beseni.

Ndimakumbukira chimphepo cha pa 7 Juni 2017, chija chinasasula madenga m'malo ambiri n'kupha anthu, masukulu anatsekedwa tsiku limenelo. Chodabwitsa chinabwera mkati mwa chilala chija cha Day Zero, pomwe ankaopa kuti madzi a m'mipopi atha mumzindawu, anthu anali ataiwala zoti denga limathonya chifukwa zaka zingapo mvula inali yochepa. Foni ya bwana wanga siinapume sabata yonse. Mu Julaye 2024 zinachitikanso, mvula inangotsatizana masiku ambiri osapereka mpata, ndipo ine ndemwe komwe ndimachita lendi tinatchera mabeseni.

Vuto ndi loti aliyense amafuna denga likonzedwe nthawi yomwe likuthonya, pomwe imeneyo ndi nthawi yoipitsitsa yogwirira ntchitoyi. Chomwe timamatira, torch-on, ndi chinsalu chochindikala cha phula, chambiri timagwiritsa cha mamilimita 4, rolo imodzi mita imodzi m'lifupi mamita 10 m'litali. Umayamba wasesa bwinobwino, kupaka primer, mankhwala othandiza kuti phula ligwire, kudikira aume, kenako ukuwotcha kunsi kwa rolo ndi moto wa gasi kwinaku ukuifunyulula pang'onopang'ono kuti phula losungunukalo ligwire konkire. Polumikiza ma rolo timasanjikiza mamilimita 75 m'mbali ndi 100 kumapeto, ndipo pamzere wonsewo payenera kutuluka kaphula kosonyeza kuti zamatana. Tsopano ngati konkire ili yonyowa mkati, chinyontho uchitsekera pansi. Sichipita kulikonse. Likabwera dzuwa la Disembala madziwo amasanduka nthunzi, chinsalu chimatukuka matuza akuluakulu ena ngati mbale ya nsima, ukapondapo umamva kufewa, tsiku lina limaphulika basi madzi apeza khomo. Mu Julaye chomwe tingachite mwachilungamo ndi kutsegula mapayipi, kumata mongoyembekezera, n'kumuuza munthu kuti tibwere mu Januwale kapena Febuluwale. Ambiri safuna kumva zimenezo, amapeza wina wovomera kuwotcha pa konkire yonyowa, chaka chamawa ndalama ina.

Nde pali mchere. Iyi ndi nkhani yomwe munthu wokulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi sangaiganizire chifukwa madzi athu alibe mchere, malata a agogo ku Nkhotakota akhala zaka zambirimbiri angofiira pang'ono. Kuno mphepo imanyamula mchere wa m'nyanja n'kuupaka paliponse, ukayimika galimoto usiku ku Sea Point m'mawa galasi lachita mbuu. Msomali wamba, sikuluwu wamba, flashing (chotchingira pomwe denga lakumana ndi khoma) ya malata otchipa, zonse dzimbiri limadya msanga, ndipo limayambira malo obisika omwe mvula siitsuka. Ndaonapo malata abwinobwino ali ndi mabowo pa sikuluwu iliyonse chifukwa womanga anasunga ndalama pa masikuluwu okha. Pafupi ndi gombe pamafunika aluminiyamu kapena stainless, ndipo osasakaniza zitsulo mwachisawawa, madzi odontha kuchokera pa payipi ya kopa ya giza yotenthetsera madzi akamagwera pa lata la galvanised amalidya pamalo pomwepo mpaka kuboola.

Choopsa kwambiri ndi chomwe mchere umachita mkati mwa konkire. Madzi amchere akalowa n'kufika pa zitsulo zija zili mkati mwa silabu, chitsulo chimachita dzimbiri, dzimbiri limatupa kuposa chitsulo chenichenicho, nde limakankha konkire kuchokera mkati mpaka kugamphuka. Nyumba ina ku Strand mayi wachikulire anatiitana kuti tingomata pomwe pakudontha mu chipinda cha mdzukulu wake. Kapitawo wathu anatenga hamala n'kumagogoda kunsi kwa silabu, malo ena ikulira ngati ng'oma yobooka, atagogoda mwamphamvu pang'ono chibuma chinagwa pansi pafupi ndi bedi, chitsulo chili poyera chofiira chonyenyeka ngati khungwa. Mayi aja anangokhala pansi. Anati denga limeneli lamatidwa katatu. Titakwera pamwamba tinapezadi zigamba pamwamba pa zigamba, wina anapaka penti ya raba, wina torch-on pamwamba pa pentiyo, wina nsalu ndi penti ina, ndipo titadula ndi mpeni madzi anatuluka pakati pa zigambazo ngati wafinya siponji. Apa bwana wanga anakana kumata, anati paitanidwe injiniya aone kaye silabu. Zinatenga milungu, kugumula konkire yofooka, kutsuka zitsulo, zina kuwonjezera, kuthira screed yatsopano, kudikira iume, kenako ife. Mayiwo analipira kwambiri kuposa mmene zikanakhalira akanachotsa zonse poyamba paja, ndipo zinandimvetsa chisoni chifukwa inali ndalama ya penshoni.

Anthu amandifunsa kuti tingadziwe bwanji kuti apa n'pokonza chabe kapena n'pochotsa zonse. Mmene ndimaonera ine, ngati chinsalu chidakali chofewa, chagwira bwino, vuto lili pa kona imodzi kapena pa payipi, konzani pomwepo basi musawononge ndalama. Koma chikauma n'kung'aluka ngati chikopa cha ng'ona, matuza ali ponseponse, kapena pansi pake panyowa, chotsani mpaka muone konkire. Denga la matabwa nalo ukamayenda n'kumamva likunepa, matabwa awola, palibe phula lomwe lingathandize. Ndipo nyumba zakale zambiri kuno zili ndi asibesitosi, dziko lino linaletsa mu 2008 koma pamadenga adakalipo, ameneyo osadula ndi grinder olo kutsuka ndi makina a pressure, fumbi lake limawononga mapapo, pali anthu ake ovomerezeka ochotsa. Izi ndikuuza makamaka abale anga amaganyu, chifukwa bwana wina amangokupatsa grinder osakuuza kanthu ndipo iwe poti ukufuna ya lendi umangodula.

Tikamaliza kuwotcha timakweza chinsalu pakhoma osachepera mamilimita 150, pakona timayamba taika kasimenti kopendekeka kuti chisapindike mwamphamvu, m'mphepete mwake timatseka ndi flashing yolowa m'khoma. Kenako kuyesa, kutseka mapayipi n'kudzaza madzi padenga tsiku lathunthu kapena awiri, kukayang'ana kunsi. Pomaliza penti ya siliva ija yobweza dzuwa, yomwe imafunika kupakanso pakatha zaka ziwiri kapena zitatu ndipo pafupifupi palibe mwini nyumba amene amakumbukira. Ntchitoyi ndi ya moto abale, tsiku la mphepo yamphamvu sitiyatsa tochi, ndipo chozimitsira moto chimakhala pambali nthawi zonse. Mnzanga wina wa ku Mangochi rolo inamuulukira ndi mphepo ali m'mphepete mwa denga la nyumba yosanja ku Blouberg, chinamupulumutsa ndi lamba yemwe anamangirira.

Ku Bo-Kaap, kuja kuli nyumba zopaka mitundu yowala, madenga ambiri ndi afulati kuyambira kalekale, obisika kuseri kwa khoma la kutsogolo. Amati mzindawu unasiya madenga a udzu chifukwa cha moto, mphepo ya kuno ikagwira udzu woyaka nyumba zimapsa motsatizana. Nde anthu akale aja anali ndi chifukwa chawo. Ife kwathu tikutengera chifukwa chokongola pa chithunzi.

Achimwene, nyumba yanuyo sindikukuletsani, ndi yokongoladi ndipo mchere ku Nkhotakota kulibe. Koma mvula ya kwathu mukuidziwa, ya Febuluwale ndi Malichi ija yogwa ngati akukhuthula ndowa, madzi ochuluka pa ola limodzi kuposa omwe ndimaona kuno tsiku lonse. Denga lobisikalo kwenikweni ndi malata opendekeka pang'ono othira madzi onse mu ngalande imodzi ya mkati mwa khoma, nde ngalandeyo ikachepa kapena masamba a mango akatseka, madzi alibe kothawira koma mu siling'i ndi m'khoma. Pa pulani mwanditumizirayo ndaona payipi imodzi yokha mbali iliyonse. Muwauze amisiri akulitse ngalandeyo, mapayipi akhale awiri awiri ndipo akuluakulu, aboolenso khoma pamwamba pang'ono pa ngalande kuti payipi ikatsekeka madzi azitulukira kunja inu n'kuona kuti kwatsekeka. Malata asagone kwambiri pofuna kuti khoma likhale lalifupi, ndipo pamwamba pa khomalo avindikire, asangosiya pulasitala. Musiyenso poti munthu azikwerera, chifukwa Novembala aliyense mvula isanayambe wina ayenera kukwera ndi tsache.

Ndikubwera mu Disembala ngati mapepala ayenda bwino. Musafolere ndisanafike, ndikufuna ngalandeyo ndidzaiyeze ndekha ndi ndowa ya madzi.