Lipoti la ulendo wokaona maphunziro a zithunzi zoyenda ku America

Tinanyamuka anthu 6 pa bwalo la ndege la Kamuzu, kudzera ku Addis Ababa, n'kukafikira pa yunivesite ina ya ku Ohio, komwe tinakhala masiku 9 semesita ili mkati. Atatu mwa ife ndi aphunzitsi a zaluso, atatu enawo amakonza zotsatsa malonda ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Gulu lathu linatituma kukaona mmene wophunzira utolankhani, zamalonda kapena zamakompyuta amatengera motion graphics ngati phunziro lachiwiri, limene kumeneko amalitcha minor, popanda kusiya digiri yake. Kwa amene dzinali ndi lachilendo, motion graphics ndi zilembo, zizindikiro ndi zojambula zoyenda zija mumaziona nkhani za pa TV zikamayamba, dzina la wolankhula likamatulukira m'munsi mwa sikirini, kapena m'kanema wamfupi wofotokoza za katemera.

Digiri ya zaka 4 kumeneko imakhala ndi makirediti 120 (kirediti ndi muyeso wa kuchuluka kwa maphunziro). Minor imene tinaiona imadyapo 18, kutanthauza makosi 6 a makirediti 3 iliyonse. Kalasi imakumana kawiri pa sabata, pafupifupi maola 3 nthawi iliyonse, kwa masabata 15, ndipo ntchito ya kunyumba imafuna maola enanso ochuluka chimodzimodzi. Makosiwo ali ndi ndondomeko yake: woyamba ndi wa kasanjidwe ka zilembo ndi mitundu pa tsamba losayenda, wachiwiri ndi wa mfundo za kayendedwe, awiri otsatira ndi a After Effects, pulogalamu ya Adobe yoyendetsera zilembo ndi zojambula, wachisanu ndi wa 3D, ndipo womaliza ndi ntchito yaikulu imodzi. Wophunzira saloledwa kudumpha. N'chifukwa chake woiyamba m'chaka chomaliza saimaliza, imafuna masemesita osachepera 4.

Tinathera masiku awiri m'kalasi la kosi yachiwiri, ndipo umu ndi mmene muli mutu wa nkhani yonse. M'chipindamo munalibe kompyuta yoyatsa. Aliyense anali ndi mulu wa mapepala, pensulo ndi kabokosi ka galasi kokhala ndi babu pansi, akujambula mpira wodunda. Sekondi imodzi ya kanema wa ku sinema ndi mafelemu 24, kutanthauza zithunzi 24 zosinthana mwachangu, koma ojambula pamanja nthawi zambiri amajambula zithunzi 12 zokha, chilichonse n'kuchionetsa kawiri. Mpira ukakhala m'mwamba liwiro lake limachepa, choncho zithunzi zimathithikana. Ukamayandikira pansi zimatalikirana. Pokhudza nthaka umaphwatalala pa felemu imodzi yokha, koma kukula kwake konse kusasinthe: ukafupika uyenera kufutukuka m'mbali. Ambiri amaiwala zimenezi, mpira n'kumaoneka ngati ukuphwa. Kudunda kulikonse kumatenga mafelemu ochepa kuposa kwam'mbuyo.

Akatha pamenepo amapatsidwa bwalo lomwelo, lopanda mtundu, lopanda mthunzi, kuti alisandutse mpira wachitsulo, kenako chibaluni. Sasintha chojambulacho, amangosintha chiwerengero cha mafelemu ndi mipata yake. Woonera akalephera kusiyanitsa chitsulo ndi chibaluni, ntchito imabwerezedwa. Mfundozi si zatsopano, zikuchokera pa mfundo 12 zimene Frank Thomas ndi Ollie Johnston, ojambula makatuni ku Disney, analemba mu 1981. Ife tinaona kuti kosi imeneyi ndi imene anzathu ambiri odziphunzitsa pa YouTube anaiphonya, ndipo zimaoneka pa ntchito yawo: chizindikiro cha kampani chimalowa pa sikirini ngati katundu wokokedwa ndi chingwe, liwiro limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kuima mwadzidzidzi.

Chifukwa chake chinaoneka tsiku lachitatu, mu labu ya After Effects. Ukaika keyframe, chizindikiro cha pamene chinthu chili pa nthawi inayake, pamene chinthu chikuyambira ndi ina pamene chikuthera, pulogalamuyo imagawa mtunda mofanana pa mafelemu onse. Kudina F9 kumafewetsa poyambira ndi pothera, koma pang'ono chabe, pa mlingo wa 33 peresenti. Ophunzira amauzidwa kutsegula Graph Editor, girafu yoonetsa liwiro la chinthu, n'kukoka zogwirira mpaka 70 kapena 80 peresenti kumapeto, kuti chinthu chinyamuke msanga n'kukhazikika pang'onopang'ono. Ndi mpira uja, koma tsopano uli pa girafu. Mawu olowa pa sikirini amapatsidwa mafelemu 12 mpaka 18. Zinthu zingapo zikamalowa sizilowa limodzi, chilichonse chimachedwa ndi mafelemu 2 kapena 3 pambuyo pa chinzake. Chokula kuchoka pa 0 chimapitirira kaye kufika 110 peresenti, kenako n'kubwerera pa 100.

Zolakwika za oyamba kumene n'zodziwika moti aphunzitsi amazinena asanaone n'komwe sikirini. Mkono wa munthu wojambulidwa ukamazungulira pakati ngati fani, ndiye kuti anchor point, kadontho kamene chinthu chimazungulirapo, sinasunthidwire pa phewa. Imasunthidwa ndi chida chimene chimabwera ukadina Y, ndipo izi zichitike keyframe isanaikidwe, apo ayi kayendedwe konse kamasokonekera. Motion blur, chimbuuzi cha chinthu chothamanga, ikakana kuoneka, ndiye kuti yayatsidwa pa leya ya chinthucho yokha osayatsidwanso pa composition yonse, tsamba limene maleya onse amasanjidwapo. Chojambula chochokera mu pulogalamu yojambulira ya Illustrator chikafika ngati chithunzi chimodzi chosagawika, mwini wake sanaike chinthu chilichonse pa leya yakeyake. Mitundu ikazimiririka, fayilo inali mu CMYK ya osindikiza pepala m'malo mwa RGB ya pa sikirini. Ichi tichisamale kwambiri ife, poti ambiri tinazolowera mabana ndi makalendala. Chojambula chikamachita zibalobalo pochikulitsa, kabatani ka continuously rasterize sikanadinidwe.

Kosi yachinayi imakhala pa kanema mmodzi wa masekondi 30, ndipo kompyuta imabwera mochedwa. Choyamba ndi mawu olembedwa. Kenako storyboard, nkhani yonse m'zithunzi, ya timabokosi 12 mpaka 16 tojambula ndi pensulo, kenako zithunzi 3 zomalizidwa bwino zoonetsa mitundu ndi zilembo zimene zigwiritsidwe ntchito. Ikatha imeneyo amajambula mawu a wolankhula, n'kuika timabokosi tija pamwamba pa mawuwo kuti aone ngati nthawi ikukwana. Chimenechi amachitcha animatic, ndipo asanachivomereze palibe woyamba kuyendetsa zinthu. Chifukwa chake n'chakuti kuchotsa kabokosi ka pensulo n'kwa mphindi imodzi, pamene kuchotsa masekondi 4 oyendetsa kale ndi kutaya masiku.

Apa panabuka nkhani yathu. Lamulo lawo ndi loti masekondi 30 amalowa mawu a Chingerezi pafupifupi 70 kapena 75. Chichewa sichilola zimenezo. Liwu limodzi ngati "sindinamumvetsetse" lili ndi maphatikizo 7, ndiye womasulira sikiripiti ya Chingerezi liwu ndi liwu amapeza wolankhula akuthamanga ngati wolengeza maliro asanu pa wailesi. Njira yake ndi kulemba m'Chichewa kuyambira pachiyambi, kuwerenga mokweza ndi wotchi m'manja, n'kudula. Pa sikirini vuto ndi lomwelo: bokosi lokonzedwera mawu aafupi a Chingerezi silikwana, ndipo lamulo lawo loti mawu akhale nthawi yokwanira kuwawerenga kawiri limafuna mafelemu ambiri kwa ife. Tinayesanso kulemba "Malaŵi" ndi mafonti angapo okongoletsa aulere, ndipo m'malo mwa ŵ ena anatulutsa kabokosi, ena anabwereka chilembocho ku fonti ina. Yesani ŵ ndi ng' musanasankhe fonti.

Kamodzi pa sabata ntchito ya aliyense imaonetsedwa pa khoma kalasi lonse likuona. Amayamba kuionetsa atatseka mawu, kuti aone ngati nkhani ikumveka ndi maso okha, kenako amaiyendetsa felemu ndi felemu. Mwini wake salankhula mpaka anzake atamaliza. Kwa ife ozolowera kulemekezana pamaso zinali zowawitsa khutu poyamba, koma palibe amene ananena kuti "sizikukongola" basi. Aliyense ankatchula sekondi ndi felemu imene yavuta.

Mbali yotulutsa kanema ndi imene tinalemba kwambiri m'makope, chifukwa ntchito yabwino imafera pamenepa. TV ya ku America imayenda pa mafelemu 29.97 pa sekondi, pamene kwathu, monganso ku South Africa ndi ku Britain, ndi 25. Ma template (mapulojekiti okonzeratu) ambiri a pa intaneti amabwera pa 29.97 kapena 30, ndipo ukawasakaniza ndi kanema wojambulidwa pa 25, pulogalamu imataya kapena kubwereza mafelemu, chinthu choyenda mopingasa n'kumachita ngati chikutsimphina. Composition ikhazikitsidwe pa 1920 x 1080 ndi mafelemu 25 ntchito isanayambe. Zilembo zisapitirire 90 peresenti ya sikirini kuti zisadulidwe m'mphepete. Mawu ajambulidwe pa 48 kHz.

Kope lalikulu losunga amalitulutsa mu mtundu wa fayilo wotchedwa ProRes 422, lotumiza pa intaneti mu H.264. Dzina la wolankhula kapena chizindikiro choti chikaikidwe pamwamba pa kanema wina chimafuna kumbuyo koonekera, ndipo H.264 sisunga zimenezo. Wolandira amapeza bokosi lakuda. Pamenepo pamafunika ProRes 4444 yokhala ndi alpha, mbali yosunga kuonekerako. Mtundu wosintha pang'onopang'ono, monga thambo la kumadzulo, ukatuluka ndi mizeremizere, amasinthira pulojekiti ku 16 bit n'kuwaza noise (timadontho ting'onoting'ono) ya 1 kapena 2 peresenti. Za foni amazikonza padera pa 1080 x 1920, sadula za TV, ndipo ife tiwonjezerepo kuti WhatsApp imafinya kanema, choncho mizere yopyapyala ndi zilembo zing'onozing'ono zimafafanizika.

After Effects sisunga zithunzi ndi mawu mkati mwa pulojekiti, imangokumbuka pamene zili. Wotumiza fayilo ya pulojekiti yokha, kapena wosintha dzina la foda, amapeza mizere ya mitundumitundu m'malo mwa zithunzi zake. Ophunzira amapereka ntchito kudzera mu Collect Files, imene imasonkhanitsa zonse mu foda imodzi, ndipo mafonti amawaika pamanja chifukwa satengedwa.

Pa 3D pali chizolowezi chimodzi chimene chikutikhudza kuposa eni akewo. Sarenda (kutulutsa ntchito yomalizidwa) kanema ngati fayilo imodzi, amarenda chithunzi cha PNG pa felemu iliyonse. Masekondi 10 pa mafelemu 25 ndi zithunzi 250. Chilichonse chikamatenga mphindi 2, ndi maola 8 ndi mphindi 20. Magetsi akazima pa felemu 190, wa fayilo imodzi wataya zonse, wa PNG amangoyambira pa 190 pomwepo. Kupatula zimenezi, kosi ya 3D tinaiona yoperewera. Masabata 15 amangokwana kuumba zinthu zosavuta, kuika kuwala ndi kamera, ndipo aphunzitsi okha anavomera kuti wofuna kuyendetsa anthu a 3D ayenera kutenga digiri yonse. Za mawu ndi nyimbo nazonso zimangokhudzidwa pamwamba. Minor imatulutsa mtolankhani wotha kudzipangira girafu yoyenda ya mitengo ya chimanga, kapena wazamalonda wodziwa chimene akupempha kwa wojambula. Wopanga katuni ya maola awiri satuluka mmenemu.

Pomaliza wophunzira amatuluka ndi reel, kanema woonetsa ntchito zake, ya masekondi 45 mpaka 60, ntchito yoposa zonse ili koyambirira, dzina lake lili koyamba ndi kothera. Olemba ntchito amaona imeneyi, za magiredi safunsa kawirikawiri.

Pa zipangizo, makompyuta a mu labu anali ndi RAM ya 32 GB ndi SSD yosungira cache, mafelemu osungidwa mwakanthawi. Ya 16 GB imagwira ntchito za 1080 ngati woigwiritsa ntchito akuonera chithunzi pa mlingo wochepa wa Half kapena Third m'malo mwa Full. Chovuta ndi chakuti mapulogalamu a Adobe ndi olipira mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja. Blender ndi yaulere ndipo imachita 3D ndi zojambula pamanja, Krita ndi yaulere, ndipo DaVinci Resolve yaulere ili ndi Fusion yoyendetsera zilembo. Zonsezi zili ndi keyframe, ndipo Blender ndi Fusion zili ndi girafu yofewetsera kayendedwe, mayina a mabatani okha ndiwo amasiyana. Koma amene akufuna kudzalandira ntchito kuchokera ku makampani otsatsa malonda adziwe kuti mafayilo ambiri amabwera a After Effects.

Kosi yachiwiri ija sifuna kompyuta. Tikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu tiyambe ndi mpira wodunda. Aliyense abweretse mapepala a A4 okwana 50, opyapyala ngati alipo, pensulo, ndi foni yojambulira. Kalipentala watipangira kale timabokosi 4 ta galasi. Mapepala tidzawaboola ndi panchala n'kuwakoloweka pa misomali iwiri kuti asasunthe, chifukwa pepala likasuntha ngakhale pang'ono mpira umanjenjemera poonetsa.