Tinapita kukafunsa za mpamba, anatifunsa za kope

Tinanyamuka kusanache, amuna khumi ndi awiri a gulu lathu, pa basi yomwe tinachita kusonkherana. Ulendowu tinaukonzekera miyezi itatu. Tinkafuna kukacheza ndi gulu lina la abambo lomwe mbiri yake inatifika kuti ntchito ndi mabizinesi awo akuyenda bwino. Pakati pathu panali atelala awiri, wowotcherera zitsulo, aphunzitsi awiri, mnyamata wokonza mafoni, ndi ine amene masana ndimagwira ntchito ya ukalaliki, madzulo n'kumakhoma mipando kuseri kwa nyumba. Aliyense anali ndi zake zoti akafunse, koma funso lomwe linatidya njira yonse linali limodzi: anzathuwa mpamba anaupeza kuti?

Anatilandirira m'shedi ya ukalipentala ya mkulu wa gulu lawo, bambo wa imvi wosathamanga polankhula. Chinthu choyamba chomwe ndinaona ndi khoma. Chida chilichonse, sowo, hamala, tchizulo, chinali ndi msomali wake, ndipo pamalo pake anajambulapo mthunzi wa chidacho ndi penti. Chida chikachoka, mthunzi wake umatsala poyera ndipo aliyense amadziwa kuti chinachake sichinabwerere. Iwo anati nzeruyi anaitenga ku njira ya ku Japan yotchedwa 5S, yomwe mafakitale monga Toyota anaitchukitsa: kuchotsa zosafunika, kuika chilichonse pamalo pake, kusesa, kukhazikitsa lamulo, ndi kulisunga tsiku ndi tsiku. Ndinakumbukira nthawi yomwe ndimataya madzulo aliwonse kusakasaka tepi yoyezera m'kati mwa mapalipali, ndipo ndinaona kuti munthu angathe kuwonjezera ntchito yomwe amamaliza osagulako chida chatsopano ngakhale chimodzi.

Titakhala pansi, mmodzi wa ife anafunsa za mpamba zija. Mkuluyo sanayankhe msanga. Anatembenukira kwa ine, mwina poona kuti ndimayang'anitsitsa matabwa ake.

"Achimwene, inunso mumakhoma?"

"Eya, bambo, pang'onopang'ono."

"Mwezi wathawu munapeza phindu lanji?"

Ndinati zimayenda ndithu, makasitomala alipo.

"Sindinafunse ngati zimayenda, achimwene. Ndafunsa phindu."

Ndinakhala chete. Zaka zinayi ndikukhoma mipando, sindinathe kuyankha funso limenelo. Ndalama ya kasitomala imalowa m'thumba lomwelo lomwe mumalowa malipiro a ku ofesi, ndipo imatuluka ndi zosowa za pakhomo popanda woiwerenga. Sanandinyoze. Analowa m'kachipinda n'kubwera ndi makope akale asanu ndi limodzi, omanga ndi mphira. Tsamba lililonse linali ndi mbali ziwiri, zolowa ndi zotuluka, mpaka misomali ndi guluu. Pa tsiku lomaliza la mwezi uliwonse panali mzere wolembedwa kuti "malipiro anga". Amadzilipira ngati wantchito, ndipo zotsalazo ndi za shedi, sazikhudza ngakhale pakhomo patavuta. Mphunzitsi wina wa gulu lathu anatiuza kuti kulemba zolowa ndi zotuluka mwadongosolo ndi nzeru yakale kwambiri, moti katswiri wa masamu wa ku Italy, Luca Pacioli, anaisindikiza ku Venice m'chaka cha 1494. Mkuluyo anaseka n'kuti iye anaiyamba atabwereka ndalama kawiri osadziwa komwe yoyamba inapita.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi zomwe amachita ndi makopewo. Mwezi uliwonse pa msonkhano wawo, munthu aliyense amatsegula kope lake pamaso pa anzake. Yemwe waluza amanena kuti waluza, ndipo anzake amamufunsa mafunso mpaka chifukwa chake chioneke. Ife amuna timaleredwa kuti tizioneka olimba, ndipo kunena kuti "sindikudziwa" kapena "ndagwa" pamaso pa mwamuna mnzako kumawawa kuposa kugwako. Ndaona anzanga akutseka bizinesi mwakachetechete, akazi awo okha ndiwo akudziwa, pomwe mnzawo wa pafupi akanawathandiza akanangomva msanga. Safunsa adadya phula, timatero, koma tikafika pa ndalama zathu timasankha phulalo kusiyana ndi manyazi a mphindi zochepa. Bambo wina wa gululo anatiuza mosabisa kuti miyezi iwiri yoyamba sankabwera ku msonkhano chifukwa choopa tsiku la makope.

Masana tinayendera malo ena atatu mothamanga: kokonzera njinga zamoto, kosokera, ndi kwa mnyamata wina yemwe sali pa bizinesi konse koma ali pa ntchito yolembedwa. Iyeyu anatisangalatsa ife a malipiro a pamwezi. Kope lake si la ndalama. Amalembamo ntchito iliyonse yomwe waphunzira, cholakwa chilichonse chomwe abwana ake anamudzudzula nacho, ndi luso limodzi lomwe akufuna kulidziwa miyezi itatu isanathe. Malo apamwamba atapezeka kuntchito kwake, sanadikire kuti amukumbukire. Anapita yekha kwa abwana ali ndi mndandanda wa zomwe wachita.

Nkhani ya mnyamatayu ndi yomwe inachititsa mphunzitsi uja kutiuza za kafukufuku wa ku Lomé m'dziko la Togo, yemwe zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2017. Eni mabizinesi ang'onoang'ono 1,500 anagawidwa m'magulu atatu. Ena anaphunzira maphunziro a bizinesi a masiku onse, ena anaphunzira kuyamba zinthu okha osadikira kuuzidwa, kuoneratu mavuto ndi kusagonja akalakwitsa, njira yomwe katswiri wa za maganizo Michael Frese anaikonza, ndipo ena sanaphunzire kanthu. Patatha zaka ziwiri, phindu la omwe anaphunzira kuyamba okha linakwera ndi 30 peresenti. Ineyo sindikhulupirira kuti maganizo okha amagula matabwa. Mpamba ndi wofunika, ndipo wina wa ife anaumirira pa mfundo imeneyi mpaka mawu anakwera. Koma ndinavomereza zomwe mkulu wa shedi anayankha, kuti munthu wosadziwa komwe ndalama yake yochepa ikupita, yambiri idzangopita njira yomweyo mofulumira.

Pobwerera m'basi munali zii kwa nthawi yaitali. Kenako wowotcherera zitsulo, yemwe nthawi zambiri salankhula, anati, "Abale anga, msonkhano ukubwerawu ine ndiyamba kutsegula langa." Tinagwirizana kuti aliyense abwere ndi kope, ngakhale litakhala ndi masamba awiri okha olembedwa, ndiponso kuti anzathu aja tiwaitane adzatiyendere pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Langa ndinaligula m'mawa mwake. Tsamba loyamba ndinalemba mayina a onse omwe anatenga mipando asanamalize kulipira, ndipo ndinapeza atatu omwe ngongole zawo ndi za chaka chatha. Awiri ndawaimbira kale. Wachitatu ndi mnzanga wa paubwana, ndipo nambala yake ndaitsegula kangapo pa foni, koma ndimuimbira msonkhano wathu usanafike.